Mabowo a pa pulawo ya apongozi

Mvula yoyamba itangogwa, apongozi anga aamuna anatulukira ku shopo yanga yowotcherera zitsulo ku Lundazi boma atamanga pulawo panjinga. Anapalasa kuchokera ku Magodi, matope mpaka m'mawondo. Khasu la pulawoyo linali litathyoka pakati, ndipo m'masitolo monse anali atawauza kuti makasu anatha, adikire a ku Chipata. Koma chinyezi sichidikira munthu. Akanachedwa sabata imodzi, chimanga chawo chikanatsalira.

Bambowa ntchito yanga sankaiwerengera. Kwa iwo mwamuna weniweni ndi wa ng'ombe ndi munda, osati wongopsereza zitsulo m'tauni. Kubwera kwa ine kunali kusowa kolowera basi, ndipo tonse awiri tinkadziwa.

Ndinadula khasu latsopano pa sipuling'i yakale ya lole. Kudulako sikunavute. Nkhani inali pa mabowo. Bawuti wa pulawo ali ndi khosi la ngodya zinayi, ndiye bowo nalo liyenera kukhala la ngodya zinayi kuti ligwire khosilo. Likakhala lozungulira, ukamamanga nati wake, bawutiyo amangozungulira nawe, ndipo khasu limagwedera m'munda.

"Ingowotchelelani, a mwana, nizipita," anatero apongozi.

"Adada, nikawotchelela, likakatha khasu muzamasula bwanji? Nipatseni mpaka mailo."

Anapukusa mutu, napita kukagona kwa mwana wawo, mayi akunyumba kwanga.

Chitsulo cha sipuling'i n'chouma mutu, chimapsereza dirilo yoboolera. Ndinachiika pamakala mpaka chinafiira, kenaka n'kuchikwirira m'phulusa kuti chizizire pang'onopang'ono, chifewe. M'mawa mwake ndinalemba ngodya ndi msomali, n'kuboola pakati bowo lozungulira, n'kuchipana pa vayisi. Zotsalazo zinali za tupa. Apa ambiri ndi pomwe amalakwitsa: amapala mwaphuma, bowo n'kukula, ntchito yonse n'kuwonongeka. Ine ndinkapala katatu, n'kuyesa bawuti, n'kupalanso. Mabowo anali awiri okha, koma anandidyera m'mawa wonse, zala zitachita matuza. Apongozi anakhala pa tayala lakutha, akungoyang'ana mitambo.

Nditamaliza ndinachitenthanso n'kuchiviika mu oyilo wakuda kuti chilimbe. Mabawuti analowa ndi kakugogoda kamodzi kokha. Ndinawapatsa sipanala kuti amange okha. Anamanga ndi dzanja limodzi, mwamphamvu ngati akufuna kundipezera chifukwa, koma bawuti sanasunthe. Anamasula, nasuzumira m'bowomo, nalowetsamo chala. Kunena zoona, mtima wanga unadzaza, ndipo sindinabise kumwetulira.

Sanandiyamike. Anangoti "yewo" wamba, zikomo wa Chitumbuka uja, nakwera njinga.

Patapita masiku anayi, mayi akunyumba analandira foni ya mayi awo. Munda wonse unali utalimidwa, chimanga chili m'nthaka. Koma apongozi aakaziwo ankadandaula kuti bambo ankachedwetsa ntchito, chifukwa aliyense wodutsa m'njira ankamuimitsa, n'kugadamitsa pulawo kuti aone zimene mkamwini wawo anachita ndi manja.