Njinga Yamoto Imene Inakana Bambo Anga

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi pamene njinga yamoto yopanda chishalo inafika pakhomo pathu ku Rugare. Inabwera Lachisanu madzulo pa kagalimoto ka mwini wake, ndipo ana onse a mumsewu mwathu tinaizungulira. Inali yowonda, ya matayala a mano akuluakulu, ndipo pamalo poti munthu akhalepo panali pongolowa m'kati. Ndinafunsa kuti nanga bambo azikhala pati.

Nthawi imeneyo bambo anali atatha miyezi isanu ndi iwiri ali pakhonde, chiwachotsereni ntchito ku njanji. Pakhomo tinkadya za makina osokera a mayi, aja opondera ndi mapazi. Kenaka kakampani kena ka ku Southerton, kogulitsa zitsulo za makina, kanati kakufuna munthu wokapereka katundu kwa makasitomala. Anawauza bambo kuti afike Lolemba 8 koloko ali ndi njinga yawoyawo, ndipo akachedwa pali wina amene akudikira malowo. Njinga imene thumba lawo linakwanitsa inali imeneyi.

Wogulitsayo, bambo wamtali wovala ovololo, sanabise kanthu. Anati njingayo ndi yamasewera okwera miyala, woyendetsa amachita kuimirira, ndipo injini yake ndi ya folo sitiroko, mawu amene ine ndinkayesa dzina la mankhwala. Anayamba kufotokoza kalizidwe kake, koma bambo anali kale pa nkhani yokhoma kathabwa kokhalapo ndi kumangirira bokosi kumbuyo.

“Ndagwira ntchito ndi masitima ine,” anatero bambo akuseka. “Kanjinga aka kangandiuze chiyani?”

Zoona anagwira ntchito ndi masitima, koma yawo inali yolumikiza mabogi. Wogulitsayo anangoponda kamodzi kiki, kachitsulo kolizira injini kaja, njinga n'kulira, anthu n'kuwomba m'manja. Anamwa tiyi amene mayi anamubweretsera, n'kumapita.

Loweruka m'mawa njinga inakana. Bambo ankakwera pa kiki ndi thupi lonse, dzanja lamanja likupotokola chogwirira chopatsira moto mpaka kumapeto, koma injini inkangotsokomola n'kukhala chete. Pofika masana pabwalo pathu panali patadzaza abambo. Mumsewu mwathu aliyense ankadziwa kuti galimoto yakale imadzuka ukaipatsa moto wambiri, chifukwa makombi onse, maminibasi amene ankatinyamula, ankadzuka motero. Bambo Moyo, oyandikana nafe nyumba, amene anayendetsapo kombi zaka zambiri, ndiwo ankatsogolera.

“Ipei moto, baba vaTiya! Moto!” ankakuwa m'Chishona.

Bambo ankaipatsadi. Pabwalo ponse panangoti guu fungo la petulo. Anaikankha mumsewu kukafika kumagolosale n'kubwerera, tayala lakumbuyo likungokhwekhwereza fumbi. Bambo Jairosi a ku Tete, amene ankachita lendi kuseri kwathu, anati mwina mwini wake sanaitaye ndi mtima wonse. Chakumadzulo kiki inabwerera mwaukali n'kuwamenya bambo pakakolo, moti anakhala pansi atagwira mwendo. Ine mutu unali utazungulira. Njinga yomweyi inalira dzulo tonse tikuona, petulo analimo, abambo asanu ndi awiri anali atavomerezana chochita, nanga chinkavuta n'chiyani? Bambo anamasula pulagi yonyowa ndi petulo, anaipukuta, anaiwamba pa pulayimasi n'kuibwezera, koma mwendo sunawalolenso kuponda.

Lamulungu m'mawa bambo anatsimphina kupita ku Mbare kukasaka makaniko. Anthu ambiri anali kutchalitchi. Mayi anandiuza kuti titseke geti, ndipo tinakankhira njinga kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Anavala nsapato zakale za bambo za kuntchito, anamanga chitenje mothina, kenaka anangoima phee, akumvetsera. Ndinafunsa chimene tinkadikira, iwo anati ndigwire njinga basi.

Ankadikira sitima. Itayamba kugunda kunjanji ndi mabogi ake osatha, mayi anaika phazi pa kiki n'kuitsitsa pang'onopang'ono ngati akufufuza kanthu. Pena pake inalimba. Anaidutsitsa polimbapo pang'ono chabe, anailola kubwerera m'mwamba, kenaka anaponda ulendo umodzi wautali mpaka pansi, dzanja lili kutali ndi moto. Kachitatu njinga inalira. Inkagunda mofatsa m'manja mwanga, du du du, ndipo ine ndinakuwa ndi chimwemwe. Mayi anaizimitsa sitima isanathe kudutsa.

“Mwadziwa bwanji, amayi?”

“Mwini wake ananena Lachisanu, ine ndikuthira tiyi. Anati ukaipatsa moto poliza imamwa petulo wambiri n'kutsamwa. Za polimbazo, makina anga ndi chimodzimodzi.” Anavula nsapato zija n'kuzibwezera pamalo pake penipeni. “Zimene waonazi usauze munthu, Tiyamike. Wamva?”

Ndinamva, koma sindinamvetse. Pakhomo panali chisoni ngati pamaliro chifukwa cha njinga yosalira, njinga yalira, ndiye tibise?

Bambo anabwerako masana okha, makaniko sanamupeze. Abambo aja anasonkhananso. Apa mayi anachita zimene sindinawaonepo akuchita: anatuluka n'kulowa pakati pa amuna, mwaulemu, manja ali pamodzi.

“Bambo a Tiya, mwendo wanu watupa. Bwanji ine ndikugwirireni chiwongolero mbali iyi, inu muziponda mofatsa kuti musadzipweteke?”

Mbali imene anagwirayo inali ya moto. Bambo anavomera monyinyirika. Anaponda koyamba, injini inayankha pang'ono n'kuzima. Bambo Moyo anayambanso kukuwa za moto, ndipo bambo anayamba kukankha dzanja la mayi kuti apotokole okha. Ine ndinaona kuti zonse ziwonongekanso, mtima unandithawa, pakamwa panatseguka pokha.

“Asiyeni amayi! Iwo aliza m'mawa, katatu kokha!”

Wina anaseka, ena n'kutsatira. Bambo Moyo anafunsa ngati ku Southerton akufuna baba kapena mai. Bambo anayang'ana mayi, anayang'ana ine, anatsamiritsa njinga kukhoma n'kulowa m'nyumba. Sanatulukenso tsiku limenelo.

Mayi anandikokera kukhitchini n'kundipotokola khutu mpaka ndinaona nyenyezi. Sanali munthu womenya ana, ndipo zimenezi zinandipweteka koposa khutulo. Ndinalira ndikufunsa kuti ndalakwa chiyani. Bodza sindinaname. Ndinawayamikira pamaso pa anthu. Iwo amene anandiphunzitsa kuti mwana wabodza ndi wakuba, lero akundilanga chifukwa cha zoona. Anangoti, “Pukuta m'maso, ukatsuke mbale.” Ndinatsuka mbalezo ndili ndi mkwiyo, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti akuluakulu onse mitu yawo sikoka.

Lolemba bambo anadzuka molawirira, anavala jekete yawo yabwino, n'kutulutsa njinga pamsewu. Inali nthawi imene msewu wonse umakhala panja, ena akuthamangira makombi, amayi akusesa pamageti, ife ana tili m'mayunifolomu. Anaponda kanayi mwa njira yawo ija. Palibe chinachitika. Anayang'ana wotchi, thukuta likutsika m'khosi ngakhale kunali kozizira. Bambo Moyo anali ataima pageti pawo ndi kapu ya tiyi. Ine ndinkaopa kuti ntchito yapita, ndipo yapita chifukwa cha pakamwa panga.

Bambo anaima kanthawi atagwira chiwongolero, mutu uli pansi. Kenaka anaitana mokweza, msewu wonse ukumva.

“Mayi a Tiya! Tabwerani mudzandilizire njingayi.”

Mayi anatuluka akupukuta manja. Ndinayembekezera kuti avala nsapato zija, koma sanatero.

“Ndikakulizirani pano, nanga ku Southerton akakulizirani ndani?” anatero motsitsa mawu. Anachotsa dzanja la bambo pa moto n'kuliika pakati pa chiwongolero. “Lisachoke pamenepo. Tsitsani phazi pang'onopang'ono. Mwapamva polimba? Dutsani pang'ono. Bwererani. Tsopano pondani mpaka pansi, osati mwaukali.”

Chifukwa cha petulo amene inali itamwa kale, njinga inavuta. Kachisanu, kachisanu ndi chimodzi, palibe. Ndinaona dzanja la bambo likufuna kubwerera kumene linazolowera, koma analigwira mtima. Kenaka inalira. Palibe anaseka. Bambo anakwera, kathabwa kawo kaja kanagwa asanafike n'komwe pakona, ndipo anapita choimirira monga ananenera mwini wake uja, jekete ikuuluka kumbuyo. Anafika nthawi isanakwane, ndipo ntchitoyo anaigwira mpaka ine nditamaliza sekondale.

Za tsiku la Lamulungu lija bambo sanazitchulepo mpaka imfa yawo. Ine ndinadzafunsa mayi nditakula, ndili ndi banja langa, kuti khutu langa linalakwa chiyani. Anaseka kaye, kenaka anati munthu amene wakhala miyezi isanu ndi iwiri akudya za singano ya mkazi wake, anzake akumuona, amakhala atatsala ndi kanthu kochepa kwambiri koimirira nako pamaso pa anthu. Iwo ankafuna kuti bambo aphunzire kuliza njingayo popanda kulandidwa kanthu kochepako. Ndinawauza kuti chikhala sindinayankhule, mwina bambo akanapotokolabe moto mpaka Lolemba. Mayi anati mwina, n'kupitiriza kusoka.

Mpaka lero sindidziwa bwinobwino amene ankalondola pakati pa ine ndi mayi. Chimene ndikuchidziwa tsopano n'chakuti ndinkayang'ana njinga yokha, pamene mayi ankayang'ananso munthu amene ankaiponda. Ndipo pa zaka zonse zimene ndinkanyadira mayi chifukwa choliza njinga imene inagonjetsa abambo asanu ndi awiri, sindinaganizepo za bambo m'mawa uja. Akanatha kuikankha mpaka kuseri kwa magolosale n'kukalimbana nayo okha kumene kulibe maso, ntchito n'kuwaphonya, ulemu wawo uli wosakhudzidwa. M'malo mwake anaima pakati pa msewu, pamaso pa anthu omwe anawaseka dzulo lake, n'kuitana mkazi wawo mokweza kuti ife tidye. Ndinazindikira zimenezi iwo atapita kale, ndipo sindinawathokoze.