Kapulana wa Apongozi pa Dziko la Ejipito

Ntchito yanga ndi yolemba mapepala a katundu wa mathiraki pa malire a Mwanza. Masiku ena netiweki imathawa kuyambira m'mawa, madalaivala n'kugona pansi pa mathiraki awo, ife mu ofesi n'kumangoyang'anana. Pa masiku otere mnzanga wa pa ntchito anandiikira pulogalamu yojambulira mapu mu laputopu yanga. Si mapu a maiko enieni ayi. Umapeka dziko lako, n'kuika mapiri, mitsinje ndi mizinda pamene wafuna. Posakhalitsa ndinali ndi ufumu wathunthu umene sindinauzeko munthu, ngakhale mkazi wanga. Ndimaphunzitsa kalasi ya Baibulo ya akuluakulu ku mpingo kwathu, ndipo ndinkasowa poyambira kufotokoza kuti bambo wa ana atatu ndimasewera zolenga maiko.

Pulogalamuyo ili ndi masitayilo. Ina imaonetsa mapu ngati chikopa chakale, ina ngati dziko mmene mbalame imalionera. Sitayilo iliyonse ili ndi tizithunzi take todzazira malo: ka udzu, ka mchenga, ka madzi. Ine ndimatitcha zoyala, chifukwa ukajambula malire a dera, pulogalamu imayala kachithunzi kamodzi mobwerezabwereza ngati matailosi mpaka dera lonse lidzaze. Ukhozanso kupanga choyala chako ndi chithunzi cha pa foni.

Nthawi imeneyo apongozi anga, mayi a mkazi wanga, ankakhala nafe pa boma kuti azilandira mankhwala a shuga ku chipatala. Kumudzi kwawo, ku mapiri a kwa Kanduku, ankadumphitsa masiku mpaka anakomokera m'munda. Anavomera kubwera movutikira, pakuti kwa iwo kugona pansi pa denga la mkamwini ndi manyazi. Tinkapewana monga mwa mwambo. Ndikamalowera kutsogolo iwo ankatulukira kuseri, ndipo mawu athu ankadutsira mwa mkazi wanga. Anachokera tsidya la malire, cha ku Zobue, pothawa nkhondo, ndipo cha kumeneko anatsala ndi chitenje chimodzi chimene amachitcha kapulana. Ndi chofiirira ngati dothi, cha timasamba tobiriwira, ndipo chili ndi chigamba chosokedwa ndi ulusi wofiira. Amachivala pa Mgonero ndi pa maliro basi, choncho amayi onse a mu mpingo amachidziwa.

Loweruka lina ndinachipeza chitayanikidwa pa chingwe. Chinkaoneka ngati minda ya m'mapiri chimanga chitangomera, ndipo ufumu wanga unalibe minda yooneka bwino. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinagwira m'mphepete mwake kuti mphepo isachigwedeze, n'kujambula. Ndinkadziwa kuti mkamwini sakhudza nsalu ya apongozi. Ndinadziuza kuti ndi chala chimodzi chokha. Chipatso choletsedwa chija cha m'Baibulo nachonso chinali chokoma m'maso.

Nditachepetsa chithunzicho mu pulogalamu, timasamba tija tinasanduka mizere ya mbewu. Ndinayala minda kuzungulira malinga onse a ufumu wanga ndipo ndinakondwa nayo.

Patapita miyezi, kalasi yathu inafika pa ulendo wa ana a Israyeli. Ndinaganiza zojambula mapu a ulendowo, mwina pofunanso kuti masewera anga agwireko ntchito ya Mulungu. Ndinasankha sitayilo ya chikopa chakale, koma inalibe choyala cha nthaka yachonde. Ndinafufuza mpaka ndinapeza njira yogawana: sitayilo yatsopano umailozera ku chithunzi chomwe chija chimene sitayilo yakale ikugwiritsa ntchito. Chithunzi chimodzi, masitayilo awiri. Ndinayala minda ija m'mbali mwa Nailo monse, pamwamba pake n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti Nyumba ya Ukapolo. Pa laputopu linkangooneka dothi labwino.

Lamlungu mapemphero atatha tinayatsa pulojekita yobwereka n'kuunikira khoma loyera. Anthu anachita chidwi. Apongozi anali kumbuyo ndi amayi anzawo. Ndikufotokoza za njerwa zopanda udzu, mkulu wa mpingo wina, nkhalamba yokonda nthabwala, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga Goseni ali pati? Takulitsani, maso anatha awa."

Ndinakulitsa. Ndinakulitsanso. Mizere ija inasanduka timasamba, kenako chigamba cha ulusi wofiira chinatulukira, osati kamodzi, koma mobwerezabwereza kuyambira ku nyanja mpaka kumunsi kwa khoma. Pa ngodya ya chigamba chilichonse panali nsonga ya chala changa chachikulu. Podula chithunzi sindinaione, ndipo ndinali ndisanakulitsepo chonchi.

Kenako mayi wina anati, "Aphunzitsi, kani ku Ejipito ankavala kapulana?"

Mkulu uja anasuzumira khoma. "Amatsenga a Farao anati chala cha Mulungu. Koma ichi ndachizindikira, chimatipatsa moni pa khomo."

Anthu anaseka, ena atagwira pakamwa. Ine ndinakumbuka mfumu ija imene inaona zala zikulemba pa khoma mawondo ake n'kuyamba kugundana. Ndinafuna kuchepetsa, koma ndinadina polakwika ndipo ndinakulitsanso. Pamene ndinacheuka, malo a apongozi anali opanda munthu.

Kunyumba ndinapeza chikwama chawo chili pa khonde, chomanga kale.

"Akuti mawa akwera kabaza kupita kumudzi," anatero mkazi wanga. "Lachitatu ndi tsiku lawo la ku chipatala, inu mukudziwa. Munaganiza chiyani, bambo ake?"

Ndinapempha kuti apongozi andilole kupepesa. Madzulo dzuwa litapendeka anakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba, atandifulatira. Ine ndinanjuta pa ngodya ya khoma, mkazi wanga pakati pathu. Ndinkamva mawu awo onse, koma ankalankhula ndi mwana wawo.

"Uwafunse akamwiniwo. Nsalu imeneyi anaiona itatsala ku Ejipito?"

"Akuti munaiona itatsala ku Ejipito?"

Ine ndinati, "Uwauze kuti ndinalakwa. Ndifufuta lero lomwe."

"Afufuta m'maso mwa amayi aja? Ine ndinatuluka nayo nsalu imeneyi. Iweyo ndinakubereka nayo kumsana, ufa ndinamanga pa ngodya yake. Chigambacho ndi minga ya m'njira. Lero aiyala pansi kuti Farao aziiponda, alembapo ukapolo."

Ndinali nditaphunzitsa kangapo za anthu amene anatuluka usiku atakulunga mtanda wosatupa m'zovala zawo pa mapewa. Sindinaganizepo kuti mmodzi wa iwo amatulukira khomo langa la kuseri.

Kenako apongozi anati, "Uwafunse, aiyalanso kwina?"

Apa ndi pamene manyazi anandifika m'mafupa. Ndikanatha kukana, palibe akanadziwa. Koma ndinali nditaima kale pamaso pa mpingo ndi chala changa pa khoma. Ndinafotokoza za ufumu uja, mkazi wanga akundiyang'ana ngati mlendo.

"Akuti anayala pa minda ya dziko lina, mayi. Dziko loti kulibe. Anangolipeka okha."

"Loti kulibe?"

"Eya."

"Kumakhala anthu?"

"Akuti opeka omwewo."

"Kuli nkhondo kumeneko?"

Mkazi wanga sanabwereze funsolo. Ndinaganiza za malinga aja, ndi timalupanga topingasana timene ndinaika pakati pa minda posonyeza pamene magulu anamenyanirana. Ndinkatiika pofuna kuti mapu akome.

"Iliko," ndinatero.

"Ndiye nsalu yanga ichokeko. Inaona yokwanira."

Ndinavomera. Anawonjeza kuti popeza anthu anaiona ili pa Ejipito, anthu omwewo aione itachokapo, ndipo chala chisaonekenso. Za chikwama sananene kanthu. Chinagona pa khonde, koma m'mawa kabaza sanaitanidwe.

Lolemba ndisanapite ku ntchito, mkazi wanga anatulutsa kapulana uja. Iye anagwira mbali ina, apongozi mbali ina nkhope atatembenuzira ku mpanda, ine n'kujambula ndili patali, manja onse pa foni. Ku ofesi ndinayamba ntchito yothetsa kugawana kuja. Ndinachotsa chithunzi chakale, ndipo pakuti masitayilo onse awiri ankadya m'mbale imodzi, Ejipito ndi ufumu wanga zinavulidwa nthawi imodzi. Ejipito ndinamuveka mchenga wamba. Chithunzi chatsopano ndinachipatsa sitayilo ya chikopa yokha, n'kuchiyala pa kanjira kopyapyala kochokera ku Goseni, kudutsa pakati pa nyanja, kukhotakhota m'chipululu mpaka ku Yordano. Minda ya ufumu wanga ikadali yoyera mpaka lero. Ndimatsegula mapuwo nthawi zina, koma sindinapeze mtima woyalapo china.

Lachitatu apongozi anapita ku chipatala ndi mwana wawo. Lamlungu anabwera atavala kapulana uja, ngakhale sunali Mgonero, ndipo anakhala pa malo awo kumbuyo. Nditayatsa pulojekita, mkulu uja anati, "Aphunzitsi, lero tikulitse kapena tikuchitireni chifundo?"

Ndinakulitsa ndekha pa malo owolokera nyanja. Chigamba chinaoneka pakati pa madzi, mbali iyi khoma la madzi, mbali iyo khoma la madzi. Palibe anaseka. Sindinathe kucheukira kumbuyo, ndipo phunziro la tsiku limenelo ndinaliphunzitsa moipa, mawu akundithawa.

Titafika kunyumba chikwama chinali chitalowa m'chipinda. Mkazi wanga anabwera ndi uthenga uku akumasula duku.

"Akuti njira mwaikhotetsa kwambiri, iwo sanazungulire choncho. Koma akuti isiyeni."

Kuyambira tsiku la pa khoma lija, anyamata a kwaya amanditcha a Chala ndikadutsa. Ndimayankha moni wawo.