Mbuzi ya Agogo ndi Mpeni wa Che Yusufu

Ndikaganiza za agogo anga aamuna, a Davite, chimayamba kundifikira ndi fungo la laimu wonyowa amene ankapaka pakhoma la tchalitchi chathu mvula ikatha. Ndimaonanso nkhungu ikutsika m'phiri la Zomba pang'onopang'ono, ikukuta minda ya mpunga kudambo, mpaka amayi ochokera kumtsinje wa Domasi ankaoneka ngati mitsuko yoyenda yokha m'mwamba. Ine ndinali kamtsikana kosalankhulalankhula. Ndinkangokhala patsinde la mango n'kumamvera burashi yawo ikukwecha khoma.

Tchalitchi chathu sichinali chachikulu ngati cha ku mishoni, koma chinali chakale. Agogo ankati njerwa zake zinaumbidwa bambo awo ali mnyamata. Pa njerwa zina panali timaenje ta zala za oumba. Ankatenga chala changa n'kuchiika m'kadzenje kamodzi kozizira.

"Pano panagwira munthu dothi lisanaume. Tandiuza, chala chimenechi n'cha Mkhristu kapena cha Msilamu?"

Ine ndinkangoyang'ana pansi.

"Nanenso sindidziwa," ankatero, n'kupitiriza kupaka.

Kulikonse kumene agogo ankapita, pambuyo pawo pankabwera mbuzi yawo yaikazi, Mawanga. Inali yokhayo m'khola. Anaisiya ndi agogo aakazi pomwalira, ndipo agogo ankailankhula ngati munthu, kuiuza za nyengo ndi za msana wawo wowawa. Lamulungu inkagona pakhomo la tchalitchi mpaka nyimbo yomaliza.

Kutsidya kwa njira kunkakhala Che Yusufu, Msilamu wamtali wovala kofiya yoyera, amene ankagulitsa matemba a ku Chilwa panjinga. M'mudzi mwathu munali mwambo umene palibe ankaufotokoza chifukwa aliyense ankaudziwa. Chiweto chodyera pagulu, kaya pamaliro, paukwati kapena pantchito ya chitukuko, Mkhristu sankachipha yekha. Ankaitana Che Yusufu kuti adzazinge ndi pemphero la Chisilamu, kuti aliyense adye osafunsa.

Awiriwa sankapatsana moni wopanda chipongwe.

"A Davite, ife taswali kale kumzikiti, tiyi tamwa, inu belu lanu mukulifunafunabe?"

"Pitani mukagulitse matemba amchengawo, Che Yusufu. Inu mumagogoda kwa Mulungu kusanache, ife timapeza chitseko chili chotsegula kale."

Chaka china mphepo ya mkuntho inagwetsa khoma lakumbuyo la tchalitchi. Mudzi wonse unatuluka kukaumba njerwa, Asilamu omwe, monganso ife tinkawatutira mchenga pomanga mzikiti wawo. Ndimakumbukira miyendo ya abambo ikuponda matope, zikombole zikulira phwa, phwa, ndi utsi wa uvuni umene unkakwera wowongoka ngati chingwe mpaka kukasowa m'mitambo. Khoma litaima, anakonza tsiku lothokoza onse ndi mpunga ndi nyama. Mpingo unapereka tonde mmodzi.

M'mawa wa tsikulo Che Yusufu anachedwa, tayala la njinga litawaphulikira panjira. Amalume anga a Fredi, mwana wa agogo, anali atangobwera kuchokera ku Blantyre kumene anakhalitsa. Ataona amayi ophika akudandaula kuti dzuwa lakwera, anatenga tonde uja n'kupita naye kuseri kwa nthochi. Ankangofuna kuthandiza. Pamene agogo ankachokera kokayala mikeka, nyama inali ikubwata kale.

"Wazinga ndani?" anafunsa.

Amayi ophika anayang'ana kwa amalume.

"Ndine, bambo," anatero amalume. "Nanga tizidikira mpaka liti? Tingonena kuti anazinga Msilamu wa pamsika. Adziwa ndani? Nyama ndi nyama basi."

"Iwe, anthu aja anaponda matope athu ndi mapazi awo. Lero tiwadyetse bodza?"

"Ndiye abwerere ndi njala? Mbuzi ina muitenga kuti?"

Agogo anayang'ana pamthunzi wa khoma latsopano pamene Mawanga anagona akubzikula. Anaima nthawi yaitali, milomo ikugwedera ngati akuimba nyimbo yosamveka. Kenaka anatola chingwe n'kumanga mbuziyo m'khosi, chinthu chimene anali asanachitepo.

Anthu anali atadzaza pabwalo, amuna uku, akazi uku, makofiya ndi mipango ya mpingo zitasakanikirana pamikeka. Che Yusufu anali atangotsamiritsa njinga yawo pamtengo, dengu la matemba likadali pakaliyala. Agogo anadutsa pakati pa anthu onsewo akukoka mbuzi, ine ndikuwatsatira, ndikulira chamumtima.

"Che Yusufu, talakwa," anatero mokweza kuti aliyense amve. "Nyama ili pamotoyo wazinga mwana wanga. Musadye. Nayi ina, tizingireni."

Phokoso lonse linatha. Ndinkamva njiwa kumtengo ndi madzi mu ngalande ya kumunda. Che Yusufu anayang'ana agogo, n'kuyang'ana Mawanga amene ankanyambita dzanja la mwini wake. Iwo ndi amene anazinga mbuzi ya pamaliro a agogo aakazi, ndiye ankadziwa kuti iyi inatsala bwanji. Anasolola mpeni m'thumba, nauyesa pachala, napukusa mutu.

"Mpeni wanga wabuntha lero, a Davite."

"Mwala wonolera ulipo."

"Ndati wabuntha. Komanso kambuzi kokalamba aka mukufuna katithyole mano? Kamapemphera Lamulungu lililonse kuposa mwana wanuyo. Kamasuleni."

Anthu anaseka, ndipo amalume anagwira nkhope. Che Yusufu anatsitsa dengu lonse la matemba, katundu wawo wa pamsika, n'kulipereka kwa amayi ophika.

"Tsukani mphika wina. Tomato asachepe."

Agogo anamasula chingwe m'khosi mwa Mawanga. Chakudya chitapsa, anawabweretsera mbale ya nyama monga mkulu wa mpingo. Anaikankhira kwa ana, nanyamuka, nakakhala pamkeka wa Che Yusufu n'kupisa dzanja m'mbale ya matemba.

"Mchenga wake womwe uja," anatero akutafuna.

"Idyani mwakachetechete, mlendo satola zifukwa," anayankha Che Yusufu.

Abambo ena a mpingo anasamukiranso komweko, mmodzimmodzi, mpaka amalume omwe. Nyama yambiri tinadya ndife ana. Ndinagona pamiyendo ya amayi anga masana omwewo, ndikumva nyimbo za kwaya ngati zikuchokera pansi pa madzi.

Onse awiri anapita tsopano, agogo poyamba, Che Yusufu patapita mvula zingapo. Mawanga anafa ndi ukalamba. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo mpaka lero pamsonkhano wa m'mudzi ndimakhala kumbuyo, manyazi aja akadalipo. Koma ndikafuna kuphika nkhuku, ndimabereka mwana wanga, nkhuku m'khwapa, n'kuwoloka njira kupita kwa mwana wa Che Yusufu kuti akazinge. Amuna anga, amene si a kuno, anandifunsa tsiku lina kuti ndimavutikiranji, poti pakhomo pathu palibe Msilamu ndipo mpeni tili nawo.

Ndinachita manyazi, koma ndinawayankha. Ndinati sindidziwa amene angadutse pakhomo nthawi yakudya.