Tsiku limene ndinazonda mwana wanga

Ndinamuzonda mwana wanga ngati wakuba, ndipo manyazi ake sanandichokebe mpaka lero.

Tawonga ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Pa masamu amaposa kalasi yonse, koma moni umamuvuta, ndipo chigayo chikalira amatseka makutu. Titapita kwa apongozi anga ku Edingeni, iye anangoti chilili osagwada, ine n'kumukalipira pamaso pa anthu.

Chibwerereni kuno ku boma, anayamba kuchedwa poweruka kusukulu, mawondo ali mbuu ndi fumbi. Mtima wanga unathamangira kwa anyamata a malole a matabwa a ku Chikangawa, amene amaima pamsika. Ndinanunkhiza yunifolomu yake. Ndinapisa m'chikwama mwake. Kenako tsiku lina ndinafunda chitenje kumutu, dzuwa likuswa mtengo, n'kumutsatira. Mayi wamkulumkulu ngati ine, kumabisala kuseri kwa njinga za kabaza!

Anakhotera kuseri kwa tchalitchi. Ndinasuzumira nditakonzeka kale kukuwa.

Anali yekhayekha, atagwada patsogolo pa mtengo wa bulugamu, akuupatsa moni m'chiyankhulo cha kwa apongozi anga. "Monire agogo. Nili makora, kwali imwe? Yewo chomene." Anadzuka, n'kugwadanso, n'kubwereza.

Ndinabwerera chozemba. Atafika pakhomo, m'malo mopepesa, ine n'kukhwimitsa nkhope: "Unali kuti?"

Anayankha maso ali pakhoma, monga mwa masiku onse. "Amama, mukudziwa. Patapata wanu wakumanzere amalira. Ndinayamba kumumva pamsika pomwe."

Kenako anandifunsa: "Ndinagwada bwino?"