Tsiku limene ejenti anapirikitsidwa pa nyumba yake

Lachitatu sabata ino ndinapatsidwa ntchito imene sindinaigwirepo chibadwire: kulondera munthu wamkulu, wa ndevu zake, kuti asathawe.

Munthuyo ndi alamu anga a Fedisoni, amuna a achemwali anga. Ngati munafunapo puloti kapena nyumba ya lendi cha ku Milepa, mwina munakumana nawo. Ndi ejenti. Amayenda ndi mafoni awiri, jekete silichoka m'thupi ngakhale kutenthe bwanji, ndipo pakamwa pawo m'pokoma. Atha kukuonetsani puloti ya miyala yokhayokha, inu n'kubwerako mukuthokoza kuti simudzavutika kugula miyala ya fandeshoni.

Chaka chino tinagwirizana pa banja kuti achemwali abwerere kumudzi ku Likoswe, akakhale pafupi ndi mayi athu amene miyendo yayamba kuwakana. Kwathu kuno mwamuna kutsatira mkazi si nkhani. Chovuta chinali chakuti akamange mvula isanagwe, ndipo kuti amange, nyumba yawo ya pa Milepa igulitsidwe kaye.

Tonse tinati apa palibe vuto. Ejenti ali m'nyumba momwemo.

Achemwali atafunsa ngati sikungakhale bwino kuuzako anzawo a ntchito yomweyi, alamu anaseka. "Ine ndipereke komishoni kwa munthu wina? Pa nyumba yangayanga? Anthu andiona bwanji?"

Woyamba kubwera anali mphunzitsi. Anazungulira nyumba bwinobwino, kenaka analoza kamng'alu kuseri kwa chipinda. "Apapa zikuoneka kuti simenti inachepa."

"Inachepa?" anatero alamu. "Munalipo? Njerwa izi ndinaumba ndekha, kuotcha ndekha, ndi manja awa!"

Aphunzitsi anaitana kabaza osatsanzika.

Mayi wina ananena kuti khitchini ndi yaing'ono. Alamu anawafunsa kuti mwa ana onse amene akulira m'khitchini imeneyo, wafa ndi njala ndani. Kenaka kunabwera Che Saidi, amene amagula nandolo ndi kukagulitsa ku Limbe. Iwowa nyumba anaikonda ndithu, ndipo anapempha kuti mtengo utsikeko pang'ono, monga amachitira wogula aliyense. Alamu anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kukweza mtengo.

Inde, anakweza!

Mitambo itayamba kusonkhana, achemwali anatopa. Anakwera njinga ulendo wa ku Mbombwe kwa mayi Esinati, ejenti amene amalimbirana makasitomala ndi alamu. Mayiwo anavomera, koma anaika lamulo limodzi: "Che Saidi ndikawabweza. Koma tsiku limenelo bambowo ndisawaone, ngakhale chithunzithunzi chawo."

Umu ndi m'mene alamu anapezekera pa khonde panga, mafoni onse atawalanda achemwali.

Tiyi anazizira m'kapu. Akhala, aimirira, ayang'ana kunjira, akhalanso. "Alamu," anatero kwa ine, "mukuganiza kuti awauza za mtengo wa mapeyala uja? Ndinadzala chaka chimene anabadwa mwana wathu woyamba. Nanga chitseko cha kumaso, adziwa kuti ndi cha mlombwa?"

Ndinawafunsa kuti iwo akamagulitsa nyumba ya wina, mwini wake amakhala pati.

"Aa, ameneyo ndimamuuza kuti apite kumsika. Eni nyumba amaononga malonda. Munthu akangotchula kamng'alu, iwo amamva ngati wawatukwanira makolo."

Kenaka anayamba kuseka, kuseka mpaka misozi, akumenya tebulo. Nanenso ndinalephera kudzigwira. Akazi anga anatuluka ndi chipande m'manja kudzaona chomwe chachitika.

Chakumadzulo tinamva nthungululu kunjira. Achemwali, ali pa kabaza, chitenje chikuuluka. Che Saidi avomera.

Mayi Esinati anachita bwanji? Anayambira ku kamng'alu komweko, wogula asanakaone yekha. Anawauzanso poyera kuti mwini nyumba ndi ejenti mnzawo, kuti pasakhale zobisa. Pa mtengo anakokerana mwaulemu mpaka anakumana pakati. Ndipo Che Saidi atamva za mapeyala aja, anati mwini wake azibwera kudzathyola nyengo yake ikakwana.

Alamu anavula jekete n'kuvina pabwalo panga. Komishoni anapereka akung'ung'udza, koma akumwetulira. Tikunena pano njerwa zafika kale ku Likoswe, ndipo mayi athu akhala pa mkeka akulamula amisiri.

Tsono owerenga anzanga, funso limene lakhala likundizungulira m'mutu ndi ili: kodi ejenti amafunika ejenti?

Nzeru za ntchito alamu ali nazo zonse. Mitengo ya malo amaidziwa, njira ya kwa amfumu amaidziwa, zoti pafunika mboni amadziwa. Palibenso anawaletsa kugulitsa okha chinthu chawo. Ndipo alipo ma ejenti ena amitima ikuluikulu amene amagulitsa zawo popanda phokoso. Koma ambiri a ife, chinthu chikakhala chathu, maso amaona zina. Wogula amaona khoma ndi malata. Mwini wake amaona tsiku limene anagwa pa makwerero, amaona ana akukwawa pa khonde. Zimenezo zili ndi mtengo wanji? Ndipo wogula alipirenji zomwe sanazione?

Makolo athu anaziona kalekale. N'chifukwa chake pa ukwati pamakhala ankhoswe. Ndikudziwa abambo amene aluzanitsa mabanja ambirimbiri, odziwa kuziziritsa mitima ya anthu olusa. Koma kwawo kukayaka moto, saweruza okha. Amatuma mwana kukaitana ankhoswe awo, n'kukhala pansi mwakachetechete ngati wina aliyense. Palibe amawaseka.

Nanga bwanji pa malo ndi nyumba timati kuitana wina n'kuononga ndalama?

Palinso mbali ya wogula. Munamvapo ejenti akuti, "Eni ake ali ku Joni, ndiwaimbira," kenaka n'kupita kuseri kwa sitolo kukayankhula ndi foni yosalira, pamene puloti ndi yake yomwe? Wogula amaganiza kuti ali ndi womuthandiza kunenerera, osadziwa kuti akunenerera kwa mwini wake. Zikadziwika, mbiri ya ejentiyo imathera pomwepo. Munthu wapakati woona amateteza onse awiri, ngakhalenso dzina la ntchitoyo.

Sindikunena kuti ma ejenti onse ndi angelo. Ena atigulitsapo malo a manda. Koma kupeza wokhulupirika mmodzi n'kumulola anene zoona za chinthu chako, iwe uli kutali ukumwa tiyi, ndi nzeru imene ngakhale akatswiri amaiphunzira mochedwa.

Inu amene mwakhala mukutsatsa nyumba, munda kapena njinga yamoto miyezi yonseyi, ogula akubwera n'kumabwerera, mumati dziko lavuta, anthu alibe ndalama. Mwina n'zoona. Koma munayamba mwafunsapo akazi anu kuti chimene chikuthamangitsa anthuwo n'chiyani?