Nyimbo ya a Dario m'munda wa zinanazi

Mvula ya Disembala ikagwa m'mawa, dzuwa n'kuswa mtengo masana, zinanazi za ku Chitakale zimapsa zonse pamodzi, fungo n'kufika kumsewu. Nyengo imeneyi imafuna mwini munda akhale maso.

A Dario salondera munda wawo. Amangouzungulira akuimba.

Kale ankagwira ntchito ku fakitale ya tiyi pamodzi ndi makaniko wina wochokera kumapiri a ku India. Chiyankhulo cha kwawo chinali Chikonda-Dora, chimene ngakhale amwenye a m'masitolo ku Limbe sankachimva. Posowa wocheza naye, mkuluyo ankaimbira makina nyimbo yogonetsera mwana. A Dario anailoweza, n'kumubwezera ina ya Chilomwe.

Atapuma ntchito, a Dario anadzala zinanazi, akuba n'kumakolola nawo. Tsiku lina akupalira, nyimbo ija inangotuluka yokha. Amayi opita kumsika anaima n'kutchera khutu: si Chilomwe, si Chiyao, si Chipwitikizi. Dzuwa lisanalowe mbiri inali itawanda kuti a Dario atsirika munda, wakuba adzatupa mimba. Iwo sanatsutse. Anangoonjezera kuponda chidendene pangodya iliyonse ya munda.

Chaka chino kunabwera a Chester, mkulu wa mpingo, ambulera ili m'khwapa.

"Achimwene, nkhani ya matsenga yafika kutchalitchi. Lamlungu mukafotokoze pamaso pa anthu, apo ayi tikudulani mumpingo."

"Ndikafotokoza Lamlungu, Lolemba ndidzapeza zitsa zokhazokha."

"Ndiye ndiuzeni ine. Mawuwo amati chiyani?"

"Amati mwana gona. Zinazo anapita nazo mwini wake ku India."

"Nanga chidendene chija?"

"Chimenecho n'changa. N'chokometsera chabe."

A Chester anayang'ana mizere ya zinanazi, palibe n'chimodzi chomwe chosowa. Kenako anatsokomola.

"Nthochi zanga za kutsidya zija, sabata ino akuba adulanso mkoko wina."

"Pepani, akulu a mpingo."

"Kugonetsa mwana si tchimo. Ndikawauza akuluakulu anzanga kuti nkhaniyi takambirana, yatha. Enawo sayenera kumva zonse." Anatembenuza ambulera m'manja. "Mawa muli ndi kanthawi?"

M'mawa mwake mvula itakata, a Dario anapinda thalauza n'kuwoloka mtsinje. Anazungulira nthochi za a Chester akuimba mokweza, akuponda chidendene pangodya iliyonse, mpaka anafika pamene anayambira.