Zimene a Sajeni Ananena Kamera Itazima

Dzina lakuti Mwetulirani analipezera kumaukwati. Kwa zaka makumi awiri ankajambula akwati, pakamwa pake pali mawu amodzi okha: "Mwetulirani, mwetulirani!" Mafoni atabwera, aliyense anasanduka wojambula, ngakhale azakhali a maso akhungu. Iye ananyamula kamera yake n'kukapeza ntchito kuchipatala, m'wodi ya asilikali opuma. Lachiwiri lililonse ankajambula mbiri za nkhalambazo kuti mabanja awo adzazisunge.

Anali ndi lamulo limodzi lomwe ankalinyadira: munthu wamkulu sajambulidwa akulira. Kuukwati, misozi ikalengeza m'maso mwa bambo a mkwatibwi, iye ankalozetsa kamera ku keke. Ankati ndi ulemu, ndipo zoonadi unali ulemu.

Mmodzi wa nkhalambazo, a Sajeni, ankagona pabedi la pafupi ndi zenera, kachubu ka mpweya kali m'mphuno. Tsiku lawo litakwana anavutitsa namwino mpaka anawaveka jekete pamwamba pa zovala zachipatala, mamendulo atatu ali lendelende pachifuwa.

"Iwe wa kamera," anatero, "undijambule mbali ino. Ukuko mano anathawa kalekale."

Analankhula ola lathunthu: za maudindo, za nsapato zothina, za mvula yomwe inawanyowetsa sabata ziwiri m'tchire. Kenako Mwetulirani anawerenga funso lomaliza papepala lake. "Nanga kunyumba munasiyako ndani, bambo?"

A Sajeni anangoti zii. Chibwano chinayamba kunjenjemera. Chala cha Mwetulirani sichinadikire kuuzidwa, chinadina batani, kanyali kofiira ka kamera n'kuzima.

"Ndinasiya kamwana kakamuna," anatero mkuluyo, maso ali pa kamera. "Nditabwerako ndinakalera ndi lamba, ngati ndili kukampu. Mwananga, sunalakwe kanthu iwe. Wolakwa ndinali ine. Undikhululukire." Anapukuta nkhope ndi ngodya ya bulangete. "Wajambula zimenezo?"

Mwetulirani anagwidwa manyazi. Anavomera ndi mutu, mumtima akuti Lachiwiri likudzalo adzapeza nzeru yowafunsanso. Lachiwiri litafika anapeza bedi lija litayalulidwa, matilesi ali pamtunda. Namwino anati mkuluyo anatsikira kuli chete Lamlungu m'mawa.

Mwana uja anabwera kudzatenga sutikesi ya bambo ake. Anali dalaivala wa malole, imvi zitayamba kale m'mutu, ndipo namwino ananong'oneza kuti m'wodimo anali asanapondemo chiyambire. Mwetulirani anamukhazika m'kachipinda kosungiramo mafayilo n'kumuyatsira kanemayo pa laputopu. Munthuyo anaonera ola lonse manja atapinda pachifuwa. Funso la kunyumba litamveka, a Sajeni anaoneka ali chete, chithunzi n'kuthera pomwepo.

"Ndi iwowo ndithu," anatero dalaivalayo, akuseka kuseka kosachokera mumtima. "Mamendulo, mamendulo. Mwawafunsa za kunyumba, pakamwa patsekeka."

"Ayi achimwene, anayankha. Anati simunalakwe kanthu, anati muwakhululukire. Ndine ndinazimitsa kamera poona kuti akulira."

"Akulira? Bambo anga?" Anaimirira n'kunyamula sutikesi. "Musavutike kunditonthoza, akulu. Inu mwawadziwa ola limodzi, ine zaka makumi asanu."

Fulashi yomwe Mwetulirani anamusungiramo kanemayo kuti apite nayo, dalaivalayo anaisiya patebulo.

Mwetulirani anamuimbirapo foni kawiri. Koyamba anayankha kuti ali pamsewu, kachiwiri inangoitana mpaka kuduka. Madzi akatayika saoleka, ndipo chomwe chimamuwawa kwambiri si batani lija ayi, koma mutu womwe anagwedeza ponamiza munthu wotsala ndi masiku asanu.

Mwetulirani akujambulabe Lachiwiri lililonse. Masiku ano nkhalamba ikayamba kulira, iye amayang'ana pansi, manja atawapinda kumbuyo, kanyali kofiira kali chiyakire. Fulashi ija ili m'kathumba ka chikwama cha kamera. Koma mawu aja a Sajeni mulibemo. Anatsalira m'mutu mwa munthu yemwe sanali mwana wawo.